Mwala Wopanda Ndere

Pa ntchito yake ya upolisi, Sajeni Tawina Namaona anali ataonapo mitembo ya anthu, ya mbuzi, ya agalu, ngakhale ya ng'ombe yomwe, koma anali asanaitanidwepo kukaona mitembo ya nsomba. Lolemba limenelo anaipeza itayalidwa pathireyi, pabalaza pa nyumba ina ku Chileka, kuseri kwa msewu wopita kubwalo la ndege. Tinali timbuna ta buluu ndi tachikasu, toti ukatikazinga tonse sitingakwane ndiwo za mwana mmodzi. Mwini wake, Kingsley Chikopa, anaima pambali pa thireyiyo maso ali psu, dzanja lili pamimba.

"Ndinatsala pang'ono kugona pamodzi ndi izi, bwana," anatero Kingsley. "Ndi Mulungu yekha."

Nkhani inali yakuti m'mawa umenewo Kingsley anafika kupolisi akukoka mkazi wake Eunice, dzanja linalo atanyamula botolo la mankhwala a anankafumbwe. Ananena kuti mkaziyo anathira mankhwalawo m'ndowa ya madzi, madzi omwe iye amamwa komanso amathira m'thanki ya nsombazo. Nsomba zinafa, iye anachezera kusanza. Tsopano Eunice anali m'chitolokosi, ndipo bwana wamkulu anali atamuuza Tawina mosapita m'mbali kuti dzuwa likamalowa, kaya akhale atalemba mlandu wofuna kupha munthu, kaya atamumasula. Mlandu wotero suthera m'njira. Munthu amakadikira kundende mpaka anthu kumuiwala, ndipo Eunice anali ndi mwana wamkazi, Stella, amene anali atangoyamba kumene sukulu.

Thanki yake inali yagalasi, yaitali ngati mpando wa anthu atatu, ndipo inali itatenga malo abwino kuposa onse m'nyumbamo. Kapampu kanali kakuwiritsabe thovu m'madzi opanda nsomba. Pansi pake panali mulu wa miyala yosanjidwa mwaluso, yokhala ndi timapanga.

"Miyalayi ndi ya chiyani?" anafunsa Tawina.

Nkhope ya Kingsley inayamba kuwala, m'mimba muja anaiwalako kaye. Anafotokoza kuti mbuna ndi nsomba za m'miyala, popanda pobisala zimaphana. Anafotokozanso zina zambiri zimene sanafunsidwe. Anali munthu woti ukamufunsa tsiku limene mwana wake anabadwa akhoza kukanda m'mutu, koma nsomba iliyonse ankaidziwa tsiku limene inalowa m'nyumba.

"Munaitenga kuti?"

"Ndinagula kwa mkulu wina m'tauni, chaka chatha. Yonse. Ndipo mwala uliwonse ndimayamba ndauwiritsa mumphika, bwana. Ine sindichita zinthu mwachisawawa."

"Ndiuzeni za Loweruka."

"Loweruka ndinali kuntchito tsiku lonse. Kampani yathu imaombola katundu wa pandege, ndiye anabwera wambiri. Nditafika madzulo ndinawonjezera madzi a m'ndowa. Lamulungu m'mawa ndinapeza zikupuma pamwamba, zina zitagona chammbali. Ndinasintha madzi, koma pofika madzulo zonse zinali zitapita. Kenako ine m'mimba."

"Madzi mumasintha bwanji?"

Kingsley anatenga kapaipi kapulasitiki, nsonga ina anaimiza m'thanki, ina anaionetsa kukamwa. "Ndimakoka ndi pakamwa, akayamba kubwera ndimalozetsa m'beseni."

Tawina anangogwedeza mutu. Anawerama n'kusuzumira pagalasi. Miyala yonse inali itavala ndere zobiriwira, monga umachitira mwala uliwonse wokhalitsa m'madzi. Unalipo umodzi wokha, waukulu, wofiirira, wokumbika pamwamba ngati kamtondo, wa timaenjemaenje m'mbali. Umenewo unalibe ndere ngakhale pang'ono. M'timaenjemo munali tinthu toyera ta ulusiulusi, tonga chinangwa chosinja.

"Uwunso ndi wa chaka chatha?"

"Ndati yonse, bwana."

"Nanga ndere zimauopa?"

"Miyala ina sigwira ndere," anatero Kingsley, maso ali kuthireyi.

Tawina anapinda malaya, n'kupisa manja onse awiri m'madzimo. Mwalawo unali wolemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Anauika m'thumba la saka, Kingsley akuutsatira ndi maso.

* * *

Eunice anakhala pansi m'chitolokosi atatambasula miyendo, chitenje atafunda kumapewa. Sanali kulira. Tawina akanakonda akanamupeza akulira, chifukwa anthu olira amalankhula msanga.

"Akuti munanenapo kuti nsombazo mudzathana nazo."

"Ndinanena. Ndinati tsiku lina ndidzazikazinga." Mawu ake anali otsika, osathamanga. "Magetsi akazima, batire imapita kwa nsomba, mwana amalemba homuweki pakandulo. Ndiye ndinanena. Koma pakamwa pokha, bwana. Thanki ija anandiletsa ngakhale kuipukuta galasi."

"Nanga botolo lija?"

"Ndi la chimanga. Amayi anatitumizira chimanga kuchokera kwathu ku Madziabango, chinayamba kufumbwa."

"Loweruka madzulo munali kuti?"

"Kukwaya. Pobwera ndinawapeza atafika kale, akusamba." Anakweza maso koyamba. "Bwana, Stella wapita kusukulu? Ndinamusiya asanadye."

Tawina analonjeza kuti akaona. Potuluka anadzigwira mtima kuti asafulumire kumva chisoni, poti anali ataonapo akazi ofatsa chomwecho amene anathiradi mankhwala m'ndiwo. Koma chisonicho chinamugwirabe.

* * *

Stella anali kwa a Magret, oyandikana nawo nyumba, ndipo anali atadya. A Magret anali mayi wa thupi, wogulitsa mandasi pageti, amene palibe chinkadutsa mumsewumo iwo osachiona. Sanadikire n'kufunsidwa komwe.

"Zokazinga nsombazo ananenadi, ine sindinama, mzere wonse uno unamva. Koma inu bwana, ndani sananenepo? Ine amuna anga ndinawauza kuti wailesi yawo ndidzaiponya m'chimbudzi, mpaka anamwalira ikulirabe. Ndiye za ndowazo, iii, ayi. Dzulo mpopi unauma, ine ndinakapempha madzi komweko, a m'ndowa yomweyo. Ndinamwa, ndinakandira mandasi, anthu adya m'mawa uno. Mwamva kuti wina wafa?"

"Stella anamwanso?"

"Nanga akamwa kuti?"

"A Chikopa Loweruka munawaona akubwera kuntchito?"

A Magret anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi, ngakhale kuti mawu awo sankadziwa kutsika.

"Kuntchito ndiye kaya. Akamachokera kuntchito amatulukira uku, wapansi, nsapato zikuwala. Loweruka anatulukira uko, kumsewu wafumbi, panjinga yamoto, ali mbuu ngati achokera kuchigayo. Atakumbatira chinthu cholemera m'jekete, atachikulunga ngati khanda."

"Wanjingayo mukumudziwa?"

"Salumu. Wa ndevu uja, amaima pasiteji pafupi ndi ogulitsa tchipisi. Koma musakanene kuti ndanena ndine, ine sindikonda za anthu."

* * *

Salumu anali bambo wamkulu ndithu, wa ndevu za imvi apo ndi apo ndi kachipewa koyera. Ataona yunifolomu anayamba kupukuta galasi la njinga limene linali loyera kale.

"Ife akabaza sitiona nkhope, bwana. Timaona msewu basi."

"Nanga katundu mumaona?"

Tawina anamasula thumba lija. Salumu anasuzumira, n'kutsonya.

"Chimwala ichi. Chinatsala pang'ono kundithyolera sipulingi."

"Ndiye mwachiona. Munachitenga kuti?"

Salumu anayambanso kupukuta galasi lija. Anali ndi makasitomala ambiri oyenda maulendo osauza kunyumba, ndipo wakabaza wolongolola sachedwa kukhala pasiteji yekha.

"A Salumu," anatero Tawina, "pali mayi ali m'chitolokosi chifukwa cha zimene zachitika m'nyumba imene munatula mwala umenewu. Dzuwa likalowa ndimulembera mlandu wofuna kupha mwamuna wake."

"Mayi a Stella?" Salumu anasiya kupukuta. "Walahi, ayi. Mayi amene uja amandipatsa madzi akumwa ndikatula anthu kumeneko." Anapumira m'mwamba. "Ku Lirangwe. Bambo a Stella Loweruka lililonse ndimawatula m'mawa kuseri kwa msika, panyumba ya chitseko cha buluu, madzulo ndimakawatenga. Loweruka lapitali tikuwoloka mtsinje anangoti imani, imani. Anatsika, anatsetserekera kudziwe, n'kubwera ndi chimwalachi akumwetulira ngati atola golide. Ine ndinati achimwene, miyala ku Chileka yatha? Anati inu simungamvetse."

"Tiyeni mukandionetse."

"Panyumbapo kapena padziwepo?"

"Ponse pawiri," anatero Tawina, akukwera kumbuyo, thumba lili pamiyendo.

* * *

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mtsinje unali utaduka, kutsala maiwe okhaokha pakati pa mchenga ndi miyala. Fungo ndi limene linayamba kuwalandira. M'mphepete mwa dziwe limene Salumu analoza munali mutayandama tinsomba tating'onoting'ono, achule ndi nkhanu, zonse zitatupa, ntchentche zili ng'waa. Chakumtunda, bambo wina wokalamba anali kuthirira dimba la mpiru. Ataona wapolisi anaika kheni pansi n'kuyamba kuyenda ngati wakumbukira kanthu kunyumba.

"Agogo, taimani. Dzina ndani?"

"Tobias. Koma ine ndine wa dimba chabe, amayi. Zapamadzizo sindizidziwa, ndazipeza chomwecho."

"Ndani wakufunsani za pamadzi?"

Tawina anakhuthula thumba pamchenga. Mwala unagubuduka n'kuima chagada, kamtondo kake kali kumwamba. A Tobias anaiwala kuti ndi a dimba chabe. Anagwada, n'kuusisita ndi manja onse awiri.

"Mwaupeza kuti? Ndafunsa mudzi wonse. Uwu anasiya ndi bambo anga, amayi, ndipo iwonso anaupeza pompano."

"Ndi wa ntchito yanji?"

Apa nkhalambayo inazindikira kuti yadziulula. Inayang'ana Salumu, Salumu anayang'ana kumwamba.

"Lero sindinabwerere nsomba za mumtsinje," anatero Tawina. "Ndabwerera za m'galasi. Tinthu toyerati n'chiyani?"

"Katupe," anayankha a Tobias motsitsa. "Timakumba mizu yake kuthengo, timasinjira m'menemu, n'kukhuthulira m'dziwe. Nsomba zimaledzera, zimabwera pamwamba, timangotola. Loweruka m'mawa tinasinja. Masiku onse ndimautsuka ndikamaliza, n'kuubisa m'bango, koma tsiku limenelo nsomba zinabwera zambiri, tinathamangira kumsika zisanawole. Ndinausiya poyera uli chomwecho. Pobwera, palibe."

"Wotsalira m'timaenjemu angaphe nsomba?"

"Amayi, dziwe lonseli lagona ndi zosinja za m'mawa umodzi. Inu mukuti m'galasi?"

"Nanga munthu akamwako madziwo?"

"Kufa ayi. Koma kuchimbudzi akapitako ndithu, ndi kusanza komwe."

Tawina anakumbukira kapaipi kaja kali kukamwa kwa Kingsley. Anauza a Tobias kuti avale malaya, akufunika ku Chileka, ndipo anawonjeza kuti tsiku limene adzabwerere nsomba za mumtsinje sadzabwera ndi nkhope yomweyi. A Tobias anavomera ndi mutu kangapo, maso ali pamwala wawo.

Panyumba ya chitseko cha buluu sanachedwepo. Anatsegula ndi mayi wachitsikana woyembekezera, amene anati dzina lake ndi Jenny.

"A Chikopa mukuwadziwa?"

"Ndi bambo akunyumba," anatero Jenny monyadira. "Koma amabwera Loweruka lokha, ntchito ya kundege simapatsa mpata. Kwagwanji?"

"Palibe. Loweruka lapitali anabwera?"

"Anaswera konkuno. Nditi mwabwera ndani?"

"Ndiwauza ndekha," anatero Tawina.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene Kingsley anaitanidwa kupolisi. Anapeza mwala uja uli patebulo, ndipo Eunice atakhala pabenchi ya kukhoma, manja ali pamiyendo. Salumu ndi a Tobias anali kuseri, pansi pa mtengo, pomwe Kingsley sakanawaona.

Tawina akanatha kungomumasula Eunice n'kutseka nkhani. Koma poyenda mumsewu wafumbi uja anali ataganiza kuti Kingsley mwina ankakhulupiriradi kuti anathiridwa mankhwala. Kubisa mkazi wina ndi mlandu wa ankhoswe, osati wa polisi. Anafuna kumupatsa khomo loti atulukire yekha, ndipo kunena zoona, ankayembekezera kuti atulukira.

"A Chikopa, khalani pansi. Ndikuuzani zimene ndapeza, mumvetsere bwino. Madzi a m'ndowa anamwa mwana wanu, anamwa a Magret, palibe wadwala. Tinthu toyera m'mwala uwu ndi katupe, mankhwala ophera nsomba mumtsinje. Inu munadwala chifukwa munakoka madzi a m'thanki ndi pakamwa."

Kingsley anauyang'ana mwalawo. Tawina anaona kuti wamvetsa zonse.

"Ndiye nkhani ili pawiri," anapitiriza Tawina. "Ngati mwala uwu munautola posachedwa n'kuuika m'thanki osauwiritsa, ndiye kuti wapha nsomba zanu ndi mwalawu. Palibe mlandu, mayiwa akupita kunyumba pompano. Koma ngati ndi wa chaka chatha, wowiritsa, monga munanenera, ndiye kuti katupeyu anachita kuikamo munthu, ndipo m'nyumbamo muli akuluakulu awiri okha. Ndilemba mlandu, mawa apita kukhoti, kuchoka apo kundende. Mwala uwu munautenga liti, ndipo kuti?"

M'chipindamo munangomveka phokoso la ndege imene inali kutera. Kingsley anayang'ana mkazi wake. Eunice anali kumuyang'ana ndi nkhope ya munthu amene wayamba kuona kuwala, poti funsolo kwa iye linali losavuta. Kingsley anabweza maso, n'kuwaika patebulo.

"Ndanena kale, bwana," anatero. "Yonse ndinagula chaka chatha."

"Mwamvetsa zimene zichitike kwa akazi anu?"

"Khoti likaona lokha."

Tawina anaimirira n'kutsegula zenera.

"A Salumu, a Tobias, talowani."

Sizinatenge nthawi. A Tobias analoza mwala wawo n'kutchula bambo awo kachiwiri. Salumu, chipewa chili m'manja, ananena za mtsinje, za msika ndi za chitseko cha buluu, akuyang'ana pansi, chifukwa mayi a Stella anali pomwepo. Dzina la Jenny anatchula ndi Tawina mwini, kuti lisalemere wina. Kingsley anayesa kunena kuti wakabazayo akumusokoneza ndi munthu wina, koma mawu anamuthera pakati.

"Mayi Chikopa, mulibe mlandu," anatero Tawina. "Mukhoza kupita. A Chikopa, inu mutsala. Tikambirane za kunamiza apolisi."

Eunice anaimirira pang'onopang'ono, n'kumanga chitenje bwinobwino. Atafika pakhomo, Kingsley anatembenuka pampando.

"Eunice, dikira. Za ku Lirangwezo ndikufotokozera, si mmene ukuganizira."

Eunice anaima, dzanja lili pachitseko. Mawu ake anali omwe aja a m'chitolokosi, otsika, osathamanga.

"Za ku Lirangwe tikanaitana ankhoswe, bambo a Stella. Mwina ndikanalira, mwina ndikanakhululuka, amayi ambiri akhululukapo. Koma pamene anakufunsani paja, ine ndinali pabenchi apa. Munandiyang'ana."

Kenako anatembenukira kwa Salumu n'kumufunsa ngati njinga yake ingathe kunyamula munthu wamkulu, mwana ndi chikwama mpaka ku Madziabango kusanade. Salumu anati ingathe.